Thabwa Limodzi pa Udzu wa ku Madzimoyo

Kalabu yathu yowombera chandamale inali ndi anthu asanu ndi anayi, mfuti za mpweya ziwiri, ndi shedi yakale ya fodya m'mbali mwa msewu wa ku Chiparamba. Tinkakumana Loweruka lililonse masana. Kuchokera pa mzere woimapo kukafika pa pepala la chandamale panali mamita khumi ndendende. Ndinayeza ndekha ndi tepi, kawiri konse. Masiku amenewo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndinali mtolankhani wa nyuzipepala ina ya ku Lusaka, ndikukhala ku Kapata m'tauni ya Chipata, ndipo ndinkadzitama kuti sindilemba chinthu chimene sindinachione ndi maso anga. Ndayamba ndi zimenezi dala.

Wapampando wathu anali aphunzitsi, bambo wamkulu wokulira pa mishoni, amene anali atapuma pa uhedimasitala. Ali mnyamata, mpingo wawo unawatumiza kukaphunzira zaka ziwiri ku dziko lina lozizira la kumpoto kwa Ulaya, koma sankakonda kuzikamba. Wosunga mfuti anali wapolisi wina wopuma, wa mtundu wa Abemba, amene anakwatira ku Chipata n'kukhazikika. Ife a kum'mawa ndi Abemba timatchulana mbuya, ndipo timanyozana mmene tingafunire popanda wokwiya, choncho tonse tinkangowati mbuya. Koma katswiri weniweni anali alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga, mlimi wa chimanga, thonje ndi nshawa ku Madzimoyo. Anaphunzira kulasa ndi legeni, akupirikitsa anyani m'munda. Ankabwera pa njinga, fumbi mpaka m'nsidze, n'kutiposa tonse. Vuto lawo linali limodzi. Ife timawombera choimirira, ndipo iwo akafika pa chipolopolo cha khumi ndi chiwiri miyendo inkayamba kugwedera pang'ono, mfuti n'kumayendayenda.

Bodza langa linayamba kale, kunja kwa kalabu. Zaka zitatu m'mbuyomo nyuzipepala inanditumiza ku Ulaya kukachita kosi ya milungu isanu ndi umodzi. Ndinapita kumayambiriro kwa Juni, ndinabwera pakati pa Julayi. Kumeneko inali nyengo yotentha. Ndinkayenda ndi malaya a manja aafupi, ndipo dziko lake linali lathyathyathya ngati bwalo la mpira. Nditabwera tinapita ku Madzimoyo kukaonekera, achibale n'kusonkhana. Apongozi anga aakazi, atakhala chapatali pa mphasa, anafunsa kudzera mwa mkazi wanga ngati ndinaiona sinowo, madzi oundana aja ogwa kumwamba ngati ufa.

"Ndinaiona, amayi," ndinatero.

Ndinali nditangobwera ndi mipango iwiri ndi sopo. Kunena kuti sindinaione kunandimvekera ngati kuvomera kuti ulendo wonse unali wachabe. Anthu anagwedeza mitu, nkhani n'kupita kwina. Ndinkayesa kuti zathera pomwepo.

Chaka chimene ndikunenachi, mwana wa aphunzitsi wa ku Lusaka anawatumizira kaseti ya vidiyo ya masewera a m'mayiko ozizira, chifukwa munali anthu owombera mfuti. Loweruka lina mvula inatilepheretsa kuwombera, popeza shedi inkadontha, ndiye tonse tinakadzazana m'chipinda chochezera cha aphunzitsi. Tinaona anthu akutsetsereka pa sinowo, phazi lililonse pa thabwa lake lalitali, ndodo m'manja, mfuti kumsana. Akafika pamalo pake ankaima, akupuma wefuwefu, n'kuwombera kasanu.

"Taonani, odya mbewa inu," anatero mbuya. "Anzanu akulasa atathamanga. Inu mukangokwera masitepe awiri mfuti yayamba kuvina."

"Mbuya, inu mungathamange ndi mimba imeneyo?" anayankha alamu. "Anyani onse a kwanu anathera m'menemo."

Aphunzitsi anadikira kuti kuseka kuthe. Kenako ananena, motsitsa mawu, kuti matabwa awiriwo anawavalapo nyengo ziwiri ali kusukulu kuja. Anati chimene amaphunzitsa ndi kupuma: mtima ukugunda ngati mtondo, iwe uphunzire kukoka kachitsulo ka mfuti pakati pa kugunda kuwiri. Wowombera aliyense amene ali ndi sinowo kwawo, anatero, masewera ake akhale amenewo. Tonse tinatembenukira kwa iwo. Zaka zonsezo sanatiuzepo.

Kenako pa vidiyo panabwera achinyamata ena, mapazi onse awiri pa thabwa limodzi lalifupi ndi lotambalala, akutsika phiri chambali. Ndinaona chinthu, ndipo mpaka lero ndimati ndinaona bwino. Kaimidwe kawo kanali kathu. Wowombera choimirira amaima chambali, mapazi motalikirana ngati mapewa, chiuno chakumanzere chitatsogola, chigongono chitatsamira pa chiunocho, mfuti itakhala pa chibakera chakumanzere. Ndinaimirira n'kuwaonetsa pakati pa chipinda. Ndinati matabwa awiri ndi a mapapo, koma vuto la wowombera lili m'miyendo, ndipo la miyendo ndi thabwa limodzi.

Ndikanalekera pomwepo pakanakhala palibe mlandu. Koma anthu anali akuyang'anabe aphunzitsi, ndipo ine ndinkafuna ayang'ane ine.

"Ndinaliyesa ine thabwa limeneli," ndinatero. "Masiku atatu. Miyendo imalimba ngati mitengo."

"Paja alamu anapita," anatero alamu, monyadira. "Amayi amaikamba mpaka lero."

Aphunzitsi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi mpango.

"Munali kumeneko mwezi wanji, mwana wanga?"

"Juni ndi Julayi, aphunzitsi."

"Juni." Anapukutabe. M'chipindamo ndi awiri tokha amene tinkadziwa tanthauzo la funsolo. Anayang'ana alamu, anayang'ana ine. "Ndiye kuti anakutengerani kumapiri aatali. Kumeneko imakhalako chaka chonse."

"Kumapiri, ee," ndinatero.

Munthu wamkulu wa kwathu sachititsa mwamuna manyazi alamu ake akumva. Aphunzitsi anandipatsa pothawira, ine n'kupalandira.

Kuyambira tsiku limenelo kalabu inagawika. Panali a matabwa awiri, otsogozedwa ndi aphunzitsi ndi mbuya, ndi a thabwa limodzi, otsogozedwa ndi ine. Pa anthu asanu ndi anayi, mmodzi yekha ndiye anali atapondapo sinowo, koma tinakangana miyezi isanu. Munthu akaphonya, mbuya ankati, "Wa thabwa limodzi ameneyo, waterereka." Ine ndinapeza magazini yakale yamasewera pa msika wa Kapata, pa mulu wa mapepala okulungira nsomba, ndipo m'menemo ndinatolamo mfundo zokwanira kulankhula ngati wodziwa. Zinali zoseketsa chabe, ndipo ndinkazikonda.

Mu Julayi kunabwera kalata. Kwa nthawi yoyamba kalabu yathu inaitanidwa ku mpikisano wa dziko lonse ku Lusaka, mu Seputembala, malo a munthu mmodzi. Tinagwirizana kuti aliyense awombere zipolopolo makumi awiri, wopambana apite, ndipo akalephera kupita, wachiwiri alowe m'malo. Alamu anapeza 171 pa 200. Ine ndinapeza 158, wachiwiri. Mbuya anati imeneyo ndi ngozi ya m'chilengedwe.

Palibe amene anadandaula. Alamu anali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, ndipo chiyambire sanapikisanepo ndi munthu wa kunja kwa Chipata. Akazi awo anayamba kuwasokera thalauzi. Koma ku Lusaka amawombera zipolopolo makumi asanu ndi limodzi, osati makumi awiri, ndipo alamu ankaidziwa miyendo yawo.

Lachiwiri lina mu Ogasiti anafika kunyumba kwathu ku Kapata, thumba la mbatata kumbuyo kwa njinga, thabwa la mlombwa litamangidwa m'mbali.

"Alamu, ndabwera kusukulu," anatero. "Kuseri kwa munda kuli chitunda chija. Udzu wauma, sanatenthe. Ana amatsetsereka pamenepo ndi makungwa. Ngati khungwa likuyenda, thabwa lingakane?"

Ndinati udzu si sinowo.

"Miyendo sidziwa kusiyana kwake. Ndili ndi milungu isanu. Inu munalimba masiku atatu."

Alamu atatuluka kukasamba m'manja, mkazi wanga anabwera kudzachotsa makapu. Sanandiyang'ane.

"Muwauze," anatero.

"Ndiwauze chiyani?"

"Jekete ija munapita nayo ku Ulaya inabwera mmene ndinaipindira ine. Ngakhale pepala ndinaika m'kolala linali momwemo."

Zaka zitatu anali akudziwa. Ndinamuuza kuti asadandaule, ndi udzu chabe, alamu agwa kawiri, atopa, nkhani itha. Iye ananyamula makapu n'kupita. Alamu atabwerera, ndinatenga tepi yanga n'kuyeza thabwa lija.

Tinalikonza kwa kalipentala wina pafupi ndi msika. Ndinalamula kuti alidule lifike pa chibwano cha alamu, chifukwa ndi mmene zinkaonekera pa vidiyo. Anasema nsonga zonse ziwiri kuti zipendeke. Pamwamba tinakhomapo majombo a alamu a kumunda, lililonse ndi masikuluwu anayi. Pansi pake alamu anakhutiza kandulo, kenako polishi wofiira wa pansi pa nyumba, mpaka thabwa linkawala. Atafunsa ngati mapazi ayenera kuthina, ndinati kwambiri. Iwo anawonjezera malegeni a chubu cha njinga omangira mu akakolo.

Loweruka lotsatira kalabu sinakumane ku shedi. Asanu ndi mmodzi tinapita ku Madzimoyo. Chitundacho sichachikulu. Kuchokera pa mtengo wa msuku umene uli pamwamba kufika ku dambo ndinadzawerenga tsiku lina mapazi 140. Udzu unali wofiirira, wogona chotsika chifukwa cha mphepo, woterera ngakhale pa nsapato.

Aphunzitsi anatembenuza thabwa lija, anagwedeza majombo.

"Pa matabwa awiri, ukagwa nsapato imamasuka yokha," anatero. "Apa bwanji?"

"Za thabwa limodzi sizimasuka, aphunzitsi," ndinayankha. Zimenezo ndinaziwerenga m'magazini, ndipo ndi zoona. Ndi mfundo yoona yokhayo imene ndinanena tsiku limenelo.

"Sinowo ukagwapo imakulandira," anatero aphunzitsi. "Pano anthu amadula nkhuni. Mwayendamo m'udzumu?"

Ndinati ndayendamo. Ndinali nditayenda pang'ono chabe, chakumunsi.

"Ndiye ayambe ndi mwini sukulu," anatero mbuya. "Iwe wa nyuzi, kwera tione za ku Ulaya. Kapena unazisiya pa kasitomu ya pa bwalo la ndege?"

Ndinati bondo langa lakumanja silili bwino, komanso majombowo ndi aakulu, ine ndimavala saizi seveni.

"Asiyeni alamu anga, mbuya," anatero alamu. "Majombo ndi anga, ulendo ndi wanga. Mphunzitsi salemba mayeso."

Ananditeteza. Pa zonse za tsiku limenelo, chimenechi chimandiwawa mofanana ndi zimene zinatsatira.

Ulendo woyamba anayambira chakumunsi. Thabwa linayenda bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Anatsetsereka mapazi ngati makumi awiri, manja atatambasula, n'kukhala pansi akuseka. Wachiwiri anayambira chapakati ndipo anafika ku dambo ali chiimire. Tonse tinaomba m'manja. Mbuya anati mbewa yaphunzira kuuluka. Ine ndinayamba kukhulupirira kuti mwina ndinkanena zoona nthawi yonseyi. Ndinafuula malangizo, kuti apinde mawondo, ayang'ane kutsogolo.

Ulendo wachitatu ananyamula thabwa mpaka pa msuku. Ndinakwera nawo kukawamanga malegeni. Kuchokera pamwambapo chitunda chinkaoneka china.

"Alamu, likathamanga kwambiri mumaliimitsa bwanji?" anafunsa.

Limenelo linali funso lomaliza limene ndikanayankha kuti sindikudziwa. Ndinati apinde mawondo, atembenuze thabwa chopingasa, atsamire kumbuyo. Ndi mmene anyamata a pa vidiyo ankachitira. Anagwedeza mutu, anachita chizindikiro cha mtanda monga ankachitira asanawombere, n'kudzikankha.

Ndinawerenga mumtima, mwa chizolowezi. Ndinafika pa eyiti. Chapakati pa chitunda thabwa linali likuthamanga kuposa njinga. Anachita ndendende zimene ndinawauza. Anapinda mawondo, anatembenuza thabwa chopingasa, ndipo m'mphepete mwake munagunda chitsa cha mtengo chobisika mu udzu. Thabwa linaima, iwo sanaime. Anagwa chafufumimba, dzanja lamanzere litatsogola, thabwa likadali kumapazi, n'kugubuduzika nalo kawiri.

Nditafika, mbuya anali akudula malegeni ndi mpeni. Alamu sanalire. Anakhala tsonga, atagwira mkono wamanzere ndi dzanja lamanja. Pamfundo ya dzanja panali patapindika pamene sipayenera kupindika. Milomo yawo inali itatuwa. Anandiyang'ana.

"Alamu, ndalakwitsa pati?"

Aphunzitsi anavula tayi n'kumangira mkonowo pa kamtengo. Tinawanyamula pa ngolo ya ng'ombe mpaka ku msewu waukulu, kenako pa galimoto ya munthu wina wachifundo mpaka kuchipatala. Mafupa awiri anali atathyoka. Anawaika chikhakha cha milungu isanu ndi umodzi. Mpikisano unali utatsala milungu inayi. Dzanja lamanzere ndi limene limanyamula mfuti.

Mwa lamulo limene tinapangana tokha, malo a ku Lusaka anagwera ine. Palibe amene anandiuza pamaso kuti ndinachita dala, koma mbuya anasiya kundinyoza. Loweruka lotsatira anandipatsa mfuti ndi manja awiri n'kunditchula kuti bambo. Kwa Mbemba kuchitira ulemu munthu wa kum'mawa chotero, ndi mawu okwanira.

Kunyumba mkazi wanga ankaphika, ankachapa, ankayankha zimene ndamufunsa. Tsiku lachinayi anagula nkhuku yoyera pa msika, anaimanga miyendo n'kuisiya pakhonde, pamene ndimavalira nsapato.

Kwa apongozi supita wekha kukapepesa. Ndinapita kwa aphunzitsi kukawapempha kuti andiperekeze. Ndinayamba kufotokoza, koma anakweza dzanja.

"Ndinadziwa tsiku la vidiyo lija," anatero. "Mapiri aja ndinakupatsani ndine. Ndinkati ndikusungireni ulemu pamaso pa alamu anu. Pa chitunda paja ndinayesanso kuzungulira, za nsapato, za nkhuni. Ndinayenera kungonena." Anatenga chipewa chawo. "Tiyeni. Nkhukuyo tinyamula tonse."

Tinawapeza alamu pansi pa mtengo wa mango, chikhakha chili pa chifuwa, akuyang'anira akazi awo ndi apongozi akusenda nshawa. Titapatsana moni, aphunzitsi anapereka nkhuku, n'kunena kuti ine, mwana wawo, ndili ndi mawu. Ndinakhala pansi, osati pa mpando umene anandipatsa. Ndinanena zonse mwa dongosolo, monga ndimalembera nkhani: mwezi umene ndinapita, nyengo yake, jekete, vidiyo, magazini ya pa msika, bondo limene silinkawawa, udzu umene sindinayendemo. Manja osenda nshawa anaima.

Alamu anamvetsera mpaka pamapeto.

"Ndiye thabwalo simunakwerepo."

"Ayi, alamu."

"Nanga sinowoyo?"

"Sindinaione."

"Ngakhale patali, pa phiri?"

"Kumene ndinali kulibe phiri."

"Nanga munaona chiyani milungu yonse ija?"

"Ng'ombe zamkaka. Njinga zambiri. Mvula."

Alamu anayang'ana chikhakha chawo. Amene analankhula anali apongozi, ndipo ulendo uno sanadzere mwa munthu.

"Ine ndinauza azimayi onse a kutchalitchi kuti mkamwini wanga anayenda pa madzi oundana," anatero. "Mpaka abambo mfumu anamva."

"Pepani, amayi."

"Kupepesa ndamva. Ndikufunsa kuti ndikawauze chiyani."

Ndinatembenukira kwa alamu n'kunena chimene ndinakonzekera m'njira: kuti ku Lusaka sindipita, ndilemba kalata kuti kalabu yalephera chaka chino. Ndinkaganiza kuti zimenezo ziwasangalatsa.

"Mukufuna mundithyole kawiri?" anatero. "Kalabu ikapanda kutumiza munthu, chaka chamawa satiitananso. Chaka chamawa dzanja likhala litapola. Mupita."

"Anthu anena kuti ndinachita dala."

"Anena kale. Zimenezo ndi zanu, munyamule." Anasuntha mkono kuti ukhale bwino. "Mupite ndi mfuti imene ndimagwiritsa ine, imakokera pang'ono kumanzere, muikumbukire. Mukabwera mudzandiuze zimene mwaona. Zimene mwaona zokhazo, alamu. Ngati kulibe phiri, mudzati kulibe phiri."

Akazi awo anatenga nkhuku ija n'kupita nayo kuseri. Tinadya. Alamu ankadya ndi dzanja limodzi, ndipo nyama ankawadulira akazi awo.

Ndinapita pa basi, mfuti ili m'chikwama cha nsalu, kalata ya chilolezo ili m'thumba la malaya. Ndinawombera zipolopolo makumi asanu ndi limodzi. Miyendo yanga inayamba kugwedera pa cha makumi awiri. Pa anthu 34 ndinakhala wa nambala 31. Nditamaliza ndinaima pa bolodi la zotsatira n'kukopera mayina ndi manambala onse m'kabuku kanga. Pobwerera, basi itaima pa mlatho wa Luangwa, ndinachita masamu amene sindinkafuna kuchita. Ndinatenga zimene alamu ankapeza Loweruka ndi Loweruka, ndinachotsapo pang'ono chifukwa cha miyendo yawo ndi mantha a malo achilendo. Ndinabwereza katatu. Yankho silinasinthe.

Ndinapita ku Madzimoyo tsiku lotsatira. Ndinawauza za holo, kuti inali ndi mizere khumi ndi iwiri ndipo mapepala a chandamale ankabwera okha pa chingwe. Ndinawauza za majekete olimba a asilikali ndi apolisi, amene amagwira msana ngati chikhakha. Ndinawauza kuti mfuti yathu inali yakale kuposa zonse, ndipo woyang'anira anaitembenuza kawiri akumwetulira. Ndinawauza nambala yanga.

"Atatu munawaposa," anatero. "Anali odwala?"

"Mmodzi mfuti inamuvuta. Awiriwo sindikudziwa."

Anaseka pang'ono. Kenako anapempha kabuku kaja. Anayendetsa chala kuchokera pamwamba, akuwerenga manambala, milomo ikuyenda. Anafika penapake n'kuima.

"Ine ndikanakhala pati?"

Ndikanatha kunena kuti zimenezo sizidziwika. Ndikanatha kunena kuti pakati, iwo n'kuvomera, mtima n'kukhala m'malo.

"Wachisanu ndi chimodzi, alamu. Mwina wachisanu."

Anagwedeza mutu. Anatseka kabuku n'kundibwezera. Anafunsa ngati ku Lusaka mvula yayamba.

Chikhakha anachotsa mu Okutobala. Dzanja linapola mokwanira khasu, goli la ng'ombe ndi njinga. Koma mfuti ya mpweya imalemera makilo opitirira anayi, ndipo imakhala pa chibakera, mfundo ya dzanja itaima chilili. Akawombera kasanu, mfundoyo inkayamba kunjenjemera. Anayesa kusintha kagwiridwe, anayesa kumanga nsalu. Chaka chotsatira kalata inabweradi, monga ananenera. Pa mayeso a kalabu anakhala wachinayi. Ine sindinawombere nawo. Anapita mnyamata wina, kalaliki wa ku khonsolo. Alamu anabwerabe ku shedi miyezi ingapo, akuthandiza ena kaimidwe, kenako anati ulendo wa njinga watalika.

Mkangano wa matabwa awiri ndi thabwa limodzi sunamvekenso mu kalabu. Aphunzitsi anabweza kaseti ija kwa mwana wawo. Mbuya anayambanso kundinyoza patapita chaka, ndipo tsiku limene ananditi wodya mbewa wabodza ndinabwerera kunyumba mtima utapepuka pang'ono. Za kaimidwe, ndimaganizabe kuti ndinaona bwino. Sindinazinenenso kwa munthu.

Mlombwa sutayidwa. Alamu anachotsa majombo aja n'kupitiriza kuwavala kumunda, mabowo atawamata ndi chubu. Thabwalo analiikira miyendo inayi. Lili pakhonde pawo mpaka lero, ndipo ndikapita ku Madzimoyo ndi pamene amandikhazika, chifukwa ndi mpando wabwino kuposa yonse ndipo ine ndine mkamwini. Pamwamba pali mabowo asanu ndi atatu a masikuluwu. Ukapisa dzanja pansi pake, polishi wofiira uja akadatererabe.